Mulungu wa khasu amene analinso mulungu wa nkhondo ku Sumer wakale

Mu Febuluwale 2023, akatswiri ofukula zinthu zakale a ku British Museum mu mzinda wa London, pamodzi ndi anzao a boma la Iraq, analengeza kuti apeza mabwinja a kacisi wamkulu wochedwa Eninnu pamalo ochedwa Tello, kum'mwera kwa Iraq. Gulu la akatswiriwo linali kutsogozedwa ndi Sébastien Rey. Zaka zoposa 4,000 zapitazo pamalopo panali mzinda wa Girsu, ndipo mwini kacisiyo anali mulungu wochedwa Ningirsu, dzina lotanthauza kuti mbuye wa Girsu. M'mizinda ina ya dziko la Sumer, makamaka ku Nippur, anali kudziwika ndi dzina lakuti Ninurta.

Anthu a ku Sumer anali kukhulupirira kuti mulungu ameneyu ndiye anaphunzitsa anthu kulima. Anali kunenanso kuti ndi mlenje wopha zirombo, ndiponso ngwazi yotsogolera asilikali ku nkhondo. Omvera athu angafunse kuti: zinatheka bwanji kuti mulungu mmodzi agwire khasu, uta ndi cibonga? Yankho lake lili m'madzi amene anthuwo anali kuthirira minda yao.

Dziko lodalira mitsinje

Sumer linali dera la pakati pa mitsinje ya Tigris ndi Euphrates, kufupi ndi kumene mitsinjeyi imathira m'nyanja. Mizinda yake yochuka inali Eridu, Uruk, Ur, Nippur, Umma ndi Lagash. Owerenga Baibulo amaudziwa mzinda wa Ur kuti ndiko kunali kwao kwa Abrahamu. Ku Uruk ndiko kunapezeka zolemba zina zakale kwambiri padziko lapansi, za m'ma 3200 BC, ndiko kuti zaka 3,200 Yesu asanabadwe. Alembi anali kudinda zilembo pa mapale a dongo laliwisi ndi kamtengo ka bango, ndipo mapale zikwizikwi akalipo kufikira lero. Zonse zimene tidziwa za milungu ya ku Sumer zicokera pa mapale amenewo ndi pa miyala yosema.

Mlimi wa ku Chipata amayang'ana mitambo mwezi wa Novembala ukafika, pakuti dera lake limalandira mvula pafupifupi mamilimita 1,000 pa caka. Kum'mwera kwa Iraq mvula sifika ngakhale mamilimita 200. Motero mlimi wa ku Sumer anali kuyang'ana mtsinje. Munda uliwonse unali kumwa madzi a m'ngalande yokumbidwa ndi manja, ndipo ngalandeyo inali kufuna kucotsedwa matope caka ndi caka.

Mitsinjeyo inalinso yovuta. Balere, imene inali mbeu yaikulu ya dzikolo, inali kufesedwa ca mu Okutobala ndi Novembala pamene madzi ali ocepa. Madzi anali kusefukira ca mu Epulo ndi Meyi, cipale cikasungunuka m'mapiri a kumpoto, ndipo imeneyo ndiyo nthawi imene mbeu zinali zitaca. Madzi ocepa anali kubweretsa njala, ndipo oculuka anali kukokolola dzinthu zili pafupi kulowa m'nkhokwe. Kuonjezera apo, mzinda wa kumtunda kwa ngalande unali ndi mphamvu yomana madzi mzinda wa kumunsi.

Milungu ya m'munda ndi m'khola

Nchito iliyonse ya m'munda inali ndi mulungu wake. Enki, mulungu wa madzi ndi nzeru wa ku Eridu, ndiye amene nthano ina imati anagawira milungu inzake maudindo. Anapatsa Enbilulu udindo woyang'anira mitsinje, napatsa Enkimdu mizere, madamu ndi ngalande za m'minda. Ishkur anali wa mvula ndi mabingu. Ezina, wochedwanso Ashnan, anali mulungu wamkazi wa dzinthu. Nisaba anayamba monga mulungu wamkazi wa dzinthu, koma pambuyo pake anakhalanso wa kulemba ndi kuwerengera, ndipo zimenezi n'zomveka tikakumbukira kuti zolemba zoyamba za ku Sumer zambiri zinali maakaunti a balere, mowa ndi ziweto. Ninkasi anali wa mowa, pamene Dumuzi anali mbusa wa nkhosa.

Alembi a ku Sumer anali kukonda nkhani za mtsutso, m'mene zinthu ziwiri zimakangana kuti cofunika kwambiri ndi citi, kenaka mulungu wamkulu naweruza. Pa mtsutso wa Nkhosa ndi Dzinthu, anapambana ndi Dzinthu. Pa mtsutso wa Khasu ndi Pulawo, pulawo inadzitama kuti ngakhale mfumu imagwira zogwirira zake pa tsiku la cikondwerero, koma khasu linayankha kuti limagwira nchito miyezi yonse ya caka, kutseka madamu, kukumba ngalande ndi kumanga nyumba. Enlil, mkulu wa milungu, anagamula mlandu mokomera khasu. Pa mtsutso wa Cilimwe ndi Dzinja, wopambana anali Dzinja, cifukwa ndiye wosamalira madzi opatsa moyo minda.

Nkhani ina imasimba za Inanna, mulungu wamkazi wa ku Uruk, amene anafunsiridwa ndi mlimi Enkimdu ndi mbusa Dumuzi. Poyamba mtima wake unali kwa mlimi, koma mlongo wake Utu, mulungu wa dzuwa, anamkakamiza kuti alole mbusa. Pomaliza Dumuzi ndiye anamkwatira, ndipo Enkimdu analola kuti nkhosa za mnzakeyo zizidya m'mbali mwa minda yake ndi kumwa m'ngalande zake. Nkhaniyi ionetsa kuti anthuwo anali kuudziwa bwino mkangano wa alimi ndi abusa, ndiponso njira youthetsera.

Malangizo a mlimi wa Enlil

Pamwamba pa milungu yonseyi ya m'munda panali Ninurta, mwana wa Enlil. Kacisi wake ku Nippur anali kuchedwa Eshumesha, ndipo kumeneko kunali kucitika cikondwerero cake ca Gusisu, cokhudza ng'ombe ndi kukonzekera kulima. Cimodzi mwa zizindikiro zake cinali pulawo.

Pakati pa mapale opezeka ku Nippur ndi ku Ur pali malangizo a ulimi a mizere yoposa 100, amene ana a sukulu anali kukopera ca m'ma 1700 BC. Katswiri Samuel Noah Kramer ndiye anawachukitsa, ndipo Miguel Civil anawasindikiza onse pamodzi mu 1994. M'malangizowo mlimi wokalamba aphunzitsa mwana wake nchito ya caka cathunthu. Ayenera kuyamba ndi kuyendera madamu ndi ngalande asanatsegulire madzi m'munda. Madzi akaphwa, acotse udzu, asalaze nthaka ndi kuphwanya zibuma. Zida zake zikhale zokonzeka nyengo isanafike. Pofesa, apange mizere 8 pa mtunda wa pafupifupi mamita 6, ndipo aonetsetse kuti mbeu ikugwa pakuya kwa zala ziwiri. Pulawo ya ku Sumer inali ndi kampopi kogwetsera mbeu mumzere ng'ombe zili kukoka.

Mbeu zikamera, mlimi apereke pemphero kwa Ninkilim, mulungu wa mbewa ndi tizirombo ta m'munda, kuti mano a tizirombo asafike pa balere. Malangizowo achula nthawi zothirira, nacenjezanso za nthawi imene kuthirira kungadwalitse mbeu. Pokolola pakhale anthu atatu: wodula, womanga mitolo ndi wounjika. Kumapeto kwake mlembi anena kuti malangizo onsewa ndi a Ninurta, amene amucha mlimi wokhulupirika wa Enlil. Kwa mwana wa sukulu wa ku Nippur, nzeru ya kupima mizere inali mau a mulungu.

Nkhondo imene inabweretsa madzi

Nthano yaikulu ya Ninurta imadziwika ndi dzina lakuti Lugale, ndipo ili ndi mizere yoposa 700. Imayamba Ninurta ali paphwando pamodzi ndi milungu inzake. Cibonga cake, cochedwa Sharur, cinali kulankhula ndiponso kuuluka monga kazitape. Ico cinabwera ndi uthenga wakuti kumapiri kwauka cirombo cochedwa Asag, cimene casonkhanitsa gulu lankhondo la miyala ndipo cifuna kulanda ufumu. Ninurta anapita ndi mphepo zamkuntho ndi cigumula. Poyamba nkhondo inamkulira, kotero kuti Sharur anathamangira kwa Enlil kukapempha uphungu. Pa ulendo waciwiri Ninurta anagonjetsa Asag.

Cimene cinatsatira ndico mtima wa nthanoyi. Imanena kuti masiku amenewo madzi a m'mapiri anali kumwazika cabe osafika m'minda, mtsinje wa Tigris sunali kudzala, ndipo m'dziko munali njala. Ninurta anatenga miyala imene anagonjetsa naiunjika monga linga lalikulu kutsogolo kwa dziko. Anasonkhanitsa madzi omwazikawo nawalondolera mu Tigris. Pamenepo minda inabala balere ndipo nkhokwe zinadzala. Mulu wa miyalawo anaupereka kwa amai ake, nawacha dzina latsopano lakuti Ninhursag, kutanthauza dona wa mapiri.

Kenaka anaweruza miyala umodziumodzi. Imene inamenyana naye anaitemberera kuti izipukutidwa, kuphwanyidwa ndi kupera zinthu zina. Imene inamvera anaidalitsa. Mwala wakuda wolimba, umene akatswiri amaucha diorite, unapatsidwa ulemu wakuti mafumu azisemapo mafano ao oimika m'kacisi wa Eninnu.

M'nthano imeneyi nkhondo ndi ulimi ndi nchito imodzi. Ngwazi imamenya nkhondo kuti madzi afike m'munda, ndipo dzanja limene lagwetsa mdani ndilo limamanga damu. Katswiri wina, Thorkild Jacobsen, anafotokoza kuti paciyambi Ninurta anali mphamvu ya mabingu ndi madzi osefukira a nyengo ya masika, amene amatsika m'mapiri mwaukali koma n'kusiya conde m'cigwa.

Mlenje wa zirombo

Kunja kwa minda yothiriridwa kunali chire, ndipo m'madambo munali mabango osapitika. Mikango inali kugwira ziweto, nguluwe zinali kufukula minda, mbalame zinali kutha mbeu. Nyama za m'chire zinali ndi mulungu wao, Shakkan. Koma kuteteza mudzi ku zirombo unali udindo wa mfumu. Mwala wina wosema wa ku Uruk, wa m'ma 3000 BC, umene uli m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Baghdad, uonetsa mtsogoleri wandevu akulasa mikango ndi mkondo ndi uta. Patapita zaka pafupifupi 1,000, mfumu Shulgi ya ku Ur inali kudzitamabe m'nyimbo zake kuti imalimbana ndi mikango.

Ninurta ndiye anali citsanzo ca mfumu yotere. Nyimbo ina imasimba za kubwerera kwake ku Nippur, gareta lake litakoloweka zirombo zimene anapha, monga njoka ya mitu 7 ndi nkhosa yamphongo ya mitu 6. Pofika pafupi ndi mzinda, nduna ya Enlil inamcingamira kukampempha kuti acepetse ukali, pakuti milungu inzake inali kunjenjemera. Mulungu wina wokhudzana ndi ulenje anali Pabilsag wa mzinda wa Larak, amene pambuyo pake anayesedwa Ninurta yemweyo. Openda nyenyezi a ku Babylon anacha dzina la Pabilsag gulu la nyenyezi limene lero limachedwa Sagittarius, lojambulidwa ngati munthu wokoka uta.

Nyama yochuka koposa imene Ninurta anasaka ndi Anzu, cimbalame ca mutu wa mkango. Nkhani yake yathunthu inalembedwa m'cinenero ca Akkad, cimene cinalowa m'malo mwa ca Sumer. Anzu anali mlonda wa Enlil, koma tsiku lina mbuye wake ali kusamba, anaba phale la zoikidwiratu, limene mwini wake amalamulira zonse, nathawira nalo kumapiri. Milungu ingapo inakana kumlondola. Ninurta anavomera, koma mivi yake sinafike, cifukwa Anzu, ndi mphamvu ya phalelo, anali kulamula kuti bango la muvi libwerere kudambo ndi nthenga zibwerere ku mbalame. Atalangizidwa ndi mulungu wa nzeru, Ninurta anamtopetsa ndi mphepo, nadula mapiko ake, namlasa.

Anthu a ku Sumer anadziwanso kuopsa kwa ngwazi yoledzera ndi cipambano. Nthano ina imati Ninurta atabweza phale lija, ulemu umene analandira sunamkwanire, ndipo anayamba kulingalira zolamulira dziko lonse. Enki anaona za mumtima mwake, naumba kamba ndi dongo. Kambayo analuma ngwaziyo kucitendene, nakumba dzenje, ndipo onse awiri anagweramo. Enki anaima pamwamba namfunsa kumene mphamvu zake zapita. Wogonjetsa mapiri analephera kutuluka m'dzenje la kamba.

Munda umene unakhetsa mwazi

Kugwirizana kwa khasu ndi cibonga kunaonekeranso m'mbiri yeniyeni. Pakati pa maufumu oyandikana a Lagash ndi Umma panali munda waconde wochedwa Guedena, kutanthauza m'mphepete mwa cigwa. Girsu unali mzinda wopatulika wa ufumu wa Lagash, ndipo anthu ake anali kunena kuti mundawo ndi wa Ningirsu. Umma unali kumtunda, kumene madzi anali kucokera, ndipo mulungu wake anali Shara. Mkangano wa mundawu unatha zaka pafupifupi 150, ndipo ndi umodzi mwa mikangano yakale kwambiri ya malire imene mbiri yake inalembedwa.

Malinga ndi zolemba za ku Lagash, Enlil mwini ndiye analemba malire pakati pa Ningirsu ndi Shara, ndipo Mesilim, mfumu ya ku Kish, anapima malowo ndi cingwe naimika mwala. Anthu a ku Umma analoledwa kulima mbali ina ya mundawo monga ngongole, kuti azibweza balere pamodzi ndi ciongoladzanja. Ngongoleyo inakula kufikira inalephereka kubweza. Wolamulira wina wa ku Umma, dzina lake Ush, anazula mwala wa malire nalowa m'dera la Lagash.

Ca m'ma 2450 BC, Eannatum mfumu ya Lagash anagonjetsa Umma naimika cikumbutso cimene lero cimachedwa Mwala wa Miimba. Zidutswa zake zinapezeka ku Tello, kumene Ernest de Sarzec wa ku France anayamba kufukula mu 1877, ndipo zili ku Louvre mu mzinda wa Paris. Mbali imodzi ya mwalawo ionetsa asilikali atandandalika m'mizere kuseri kwa zishango, akuponda mitembo, ndi miimba ikuuluka ndi mitu ya ophedwa. Mbali ina ionetsa Ningirsu, wamkulu kuposa onse, atagwira ukonde wodzala ndi adani amaliseche. Mmodzi wa iwo waturutsa mutu, ndipo mulunguyo akummenya ndi cibonga. Pamwamba pa ukondewo pali cizindikiro ca Anzu. Ukonde ndi cida ca mlenje ndi msodzi. Apa mulungu wa munda akugwira anthu monga mbalame zakuba mbeu. Wogonjetsedwayo analumbiritsidwa pa maukonde a milungu ikuluikulu kuti sadzadumphanso malire, kapena kusuntha ngalande ndi miyala yake.

Lumbirolo silinakhalitse. Enmetena, mwana wa m'bale wake wa Eannatum, analemba ca m'ma 2400 BC kuti Urlumma wa ku Umma anapatutsa madzi a m'ngalande za malire, natentha ndi kuphwanya miyala ya malire. Atagonjetsedwa anathawa, kusiya magulu 60 a abulu m'mbali mwa ngalande. Wolowa m'malo mwake, dzina lake Il, anapatutsanso madziwo, nanena kuti ngalandezo ndi zake. Nkofunika kukumbukira kuti mbiri yonseyi inalembedwa ndi a ku Lagash, ndipo mlandu womva mbali imodzi umakomera wosimba.

Pomaliza, ca m'ma 2350 BC, Lugalzagesi wa ku Umma anawononga dziko la Lagash pa nthawi ya mfumu Urukagina. Mlembi wina analemba pa phale mndandanda wa akacisi otenthedwa ndi cuma cofunkhidwa, nachulanso balere wa m'minda ya Ningirsu amene anawonongedwa. Anatsiriza ndi kunena kuti mfumu yake inalibe chimo, kuti wocimwiridwa ndi Ningirsu, ndipo kuti mlanduwo usenzedwe ndi Nisaba, mulungu wa Lugalzagesi. Wowononga balereyo anali wopembedza mulungu wamkazi wa dzinthu. Sipanapite nthawi yaitali, Sargon wa ku Akkad anagwira Lugalzagesi namtengera ku cipata ca Enlil ku Nippur ali m'goli.

Loto la Gudea

Patapita zaka pafupifupi 200, Lagash anaukanso pansi pa wolamulira wochedwa Gudea. Iye ndiye anamanganso Eninnu, kacisi amene tamuchula poyamba paja, ndipo dzinalo litanthauza nyumba ya makumi asanu. Nkhani ya kumangako inalembedwa pa zipilala ziwiri zikuluzikulu za dongo, zimenenso zili ku Louvre, ndipo ndi imodzi mwa nkhani zazitali koposa za m'cinenero ca Sumer.

Gudea analota munthu wamkulu ngati thambo, wa mapiko a Anzu, thupi lake lakumunsi lili cigumula, mikango itagona kumanja ndi kumanzere kwake. Munthuyo anamlamula kuti ammangire nyumba. Posamvetsa, Gudea anakwera bwato kupita kwa Nanshe, mulungu wamkazi womasulira maloto, amene anamuuza kuti waona Ningirsu. Anamlangiza kuti apereke kwa mulunguyo gareta lankhondo ndi mivi. Ningirsu atalandira mphatsozo analonjeza kuti maziko a nyumba yake akaikidwa, adzaitana mvula kumwamba, madzi adzakwera m'ngalande kufika ngakhale pamitunda, ndipo minda, mafuta ndi ubweya zidzacuruka. Mphatso inali ya msilikali, koma malipiro ake anali a mlimi. Gudea anaitanitsa mitengo ya mkungudza kumapiri akutali ndi mwala wakuda wa ku Magan, umene anasemapo mafano ake amene akalipo kufikira lero.

Ena okonda nkhondo

Ninurta sanali yekha pa nkhondo. Mzinda wa Kish unali ndi Zababa. Nergal wa ku Kutha anali wa nkhondo, miliri ndi dziko la akufa, ndipo kupha kwake kunali kosasankha. Inanna, mulungu wa cikondi, analinso wa nkhondo, wojambulidwa ndi zida pamapewa, phazi lili pa mkango. Nyimbo zina zomtamanda zimadziwika ndi dzina la Enheduanna, mwana wamkazi wa Sargon ndi wansembe wamkulu ku Ur, amene ambiri amamucha mlembi woyamba wodziwika ndi dzina m'mbiri ya dziko lapansi. Nyimbo imodzi imasimba za Inanna akugwetsa phiri la Ebih cifukwa silinamgwadire.

Kusiyana kwake kuli poyera. Inanna anagwetsa phiri pobwezera cipongwe, pamene Ninurta anaunjika phiri kuti madzi apite kumunda. Ukali wa Ninurta unali ndi malire, ndipo unali kutumikira Enlil ndi dongosolo la dziko. N'cifukwa cake m'zaka za pambuyo pake, pa miyala ya malire ya ku Babylon, anali kuchedwa mbuye wa malire, ndipo wosuntha malire a mnzake anali kutembereredwa m'dzina lake.

Kumene dzina lake linathera

Cinenero ca Sumer cinaleka kulankhulidwa patangopita zaka mazana owerengeka cidutsire 2000 BC, koma ansembe ndi alembi anapitiriza kucilemba kwa zaka pafupifupi 2,000. Milungu yake inatengedwa ndi a ku Babylon ndi a ku Assyria, amene Baibulo limawacha Asuri. Kumpoto kumeneko mvula inali kugwa yokwanira kulima, ndipo mafumu ake anakonda uta wa Ninurta koposa pulawo yake. Mfumu Tukulti-Ninurta Woyamba, wa m'ma 1200 BC, anali ndi dzina lotanthauza kuti cikhulupiriro canga cili mwa Ninurta. Ashurnasirpal Waciwiri, amene analamulira kuyambira 883 kufikira 859 BC, anammangira kacisi mu likulu lake la Kalhu, nalemba kuti Ninurta anampatsa nyama za m'chire ndipo anapha mikango 450.

Mabwinja a Kalhu lero amachedwa Nimrud. Austen Henry Layard wa ku Britain anayamba kufukula kumeneko mu 1845, napeza mwala wosema woonetsa mulungu wamapiko akuthamangitsa cirombo ndi mphezi m'manja. Mwalawo uli ku British Museum. Mu 2015 zigawenga za Islamic State zinaphwanya mbali yaikulu ya mabwinjawo, ndipo mu 2016 zinasalaza nsanja yake yakale.

Owerenga Baibulo amakumana ndi mayina ena a nkhaniyi. Buku la Genesis, mutu 10, limachula Nimrod monga ngwazi ndi mlenje wamphamvu, ndipo pakati pa mizinda yochulidwa pamenepo pali Uruk, Akkad ndi Kalhu, m'malembedwe a Cihebri. Akatswiri ambiri amaona kuti cithunzi ca Nimrod cinacokera kwa Ninurta. Tammuz amene akazi anali kumlira pa Ezekieli 8:14 ndiye mbusa Dumuzi, ndipo Nergal achulidwa pa 2 Mafumu 17:30.

Palibe amene amapembedza Ninurta lero, koma nkhani ya madzi imene inam'bala ikalipo. Mitsinje ya Tigris ndi Euphrates imayambira m'dziko la Turkey, limene linamanga damu la Atatürk pa Euphrates kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndi la Ilısu pa Tigris, limene linayamba kudzazidwa mu 2019. Boma la Iraq lakhala likudandaula kuti madzi ofika kwa alimi ake acepa, ndipo m'cigawo ca Dhi Qar, mmene muli mabwinja a Girsu, mabanja ambiri asiya minda ndi madambo ao m'zaka za cilala. Mlembi wa Enmetena akanaumva msanga mlandu umenewu: wa kumtunda ali ndi madzi, wa kumunsi ali ndi munda, ndipo pangano la malire limakhala lolimba pokhapokha onse awiri akalisunga.